Wa geni ndi banki: ngongole amaipereka poona chiyani?

Mayi wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe akhoza kugwira ndalama zambiri pa sabata imodzi kuposa zomwe mphunzitsi wa kupulayimale amalandira pamwezi. Koma awiriwa akalowa m'banki tsiku limodzi kukapempha ngongole, kawirikawiri mphunzitsi ndiye amatuluka atathandizidwa. Anthu amati n'tsankho, mabanki ndi a anthu ovala mataye. Mbali ina dandauloli lili ndi mutu, ndipo ndifikako. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti malipiro a mphunzitsi amagwera mu akaunti mwezi ndi mwezi, pomwe ndalama za mayi uja zimachoka m'manja mwa wogula, kulowa m'kachikwama ka m'chiuno, mawa lake n'kupita kwa mwini mabelo. Banki sinazionepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo zomwe sinazione siziwerengera.

Ndalama zomwe banki imabwereketsa si zake, ndi za anthu ena omwe anasungitsa. Banki Yaikulu ya Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse m'dziko muno, imalamula kuti ngongole ikayamba kuvuta kubwezedwa, banki ipatule ndalama pa phindu lake zotchingira chitayikocho. N'chifukwa chake wogwira ntchito yoona za ngongole safuna nkhani yokoma. Chomwe amayamba kupempha ndi sitetimenti, pepala losonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka mu akaunti, nthawi zambiri ya miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, kwina ya chaka chathunthu. Pa pepalalo sayang'ana kuti lero muli ndi zingati. Amayang'ana kuti ndalama zimalowa kangati pamwezi, miyezi yanu yowuma ndi iti, ndipo ikafika Januwale ndi Febuluwale, anthu atathera ndalama ku feteleza ndi fizi, bizinesi yanu imapumabe kapena imakomoka. Munthu amene amaika K40,000 pafupifupi tsiku lililonse amaoneka wodalirika kuposa yemwe anaika K3 miliyoni kamodzi, kutatsala sabata kuti apemphe ngongole. Wachiwiriyu amamukayikira kumene, chifukwa njira yobwereka ndalama kwa mlamu kuti akaunti ioneke yonenepa amaidziwa kale.

Choncho ntchito yoyamba ya akaunti kwa wa geni si kusunga ndalama ayi, koma kuchitira umboni. Izi zikutanthauza chizolowezi chomwe ambiri amachiona ngati chotayitsa nthawi: ndalama zomwe mwagulitsa lero zidutse kaye mu akaunti, ngakhale mukudziwa kuti mawa mukazitapanso kukaodera katundu. Kale zinali zosatheka kwa munthu wa ku Mitundu kapena ku Thondwe, chifukwa nthambi ya banki inali kutali ndipo pamzere pankapita theka la tsiku. Lero mabanki ali ndi ma ejenti m'magolosale ndi m'misika, monga a Banki Pakhomo a FDH ndi a Pafupi a NBS, ndipo ndalama zimatha kuchoka pa Airtel Money kapena pa Mpamba kupita ku akaunti muli pa benchi panu. Pali kandalama komwe amadula, n'zoona. Kandalamako muziona ngati mtengo wogulira mbiri yomwe tsiku lina idzakuyankhulirani.

Kutsegula akaunti ya munthu payekha sikuvutanso monga kale. Chiyambire 2017, pomwe boma linalembetsa anthu ziphaso za unzika, chiphasocho ndicho chofunika kwambiri, kuphatikiza umboni wa komwe mumakhala, monga bilu ya madzi kapena ya magetsi, kapena kalata ya amfumu. Mafunso ambirimbiri omwe amafunsa, akuti ndalama mumazipeza bwanji ndipo mukuyembekeza kumaika zingati pamwezi, si chipongwe. Lamulo lolimbana ndi milandu ya zachuma la 2017 limawakakamiza kumudziwa bwino kasitomala aliyense. Yankhani zoona. Mukanena kuti muzidzaika K100,000 pamwezi kenako kulowe K2 miliyoni, akaunti akhoza kuimanga mpaka mutafotokoza gwero lake, ndipo zoterezi zimakonda kuchitika tsiku lomwe mwafuna kulipira katundu.

Akaunti ya dzina la bizinesi imafuna zambiri. Pafunika chikalata chosonyeza kuti bizinesi inalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, komanso nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA. Apa ndi pomwe ambiri amabwerera, poopa kuti akadziwika ku MRA ndiye kuti aputa mavu. Ine ndimaona kuti manthawa ndi omwe amachititsa mabizinesi ambiri kukalamba ali ana. Sukulu, chipatala, khonsolo kapena bungwe likafuna kugula nyemba, mipando kapena mayunifolomu, limalipira ku akaunti ya dzina lomwe lili pa invoisi, ndipo limafuna TPIN. Telala waluso amene alibe mapepalawa amathera kusokera mnzake yemwe ali nawo, phindu lalikulu n'kupita kwa mwini mapepala amene sadziwa n'komwe kuponda makina. Koma ngati geni yanu ndi ya mandasi kapena tomato wa pamulu, musadzivute msanga. Tsegulani akaunti yachiwiri ya dzina lanu lomwe, muipatule kuti ndi ya geni basi.

Kupatulako ndiye nkhani yovuta kuposa zonse, ndipo si ya ku banki, ndi ya kunyumba. Mu okala yambiri kabati ya ndalama ndi imodzi: momwemo mumachoka za ndiwo, za chigayo, za yunifolomu ya mwana, za chipepeso pamaliro, za mphwanu amene wabwera kuchokera kumudzi kuti wasowa thiransipoti. Palibe choipa pa zonsezi, ndi mmene timakhalira. Vuto n'lakuti palibe amene akudziwa kuti zatuluka zingati, ndipo mwezi ukatha mashelefu amayamba kuonetsa matabwa. Mwini wake amati malonda avuta, chonsecho malonda anayenda, koma mpamba unadyedwa pang'onopang'ono. Njira yake ndi kudzilipira nokha. Khazikitsani kuti pa sabata mumatenga zakuti, zichoke ku akaunti ya geni kupita ku yanu kapena pa foni yanu, ndipo za maliro ndi za abale zichoke pamenepo. Zikatha zatha. M'bale akabwera mutha kumuuza moona mtima kuti zomwe zili m'manja mwanu n'zimenezi, zinazo ndi za katundu.

Pambali pa akaunti pakhale kope. La masamba 80 lomwe ana amalembamo kusukulu ndi lokwanira. Tsamba lililonse tsiku lake: kumanzere zolowa, kumanja zotuluka, pansi mayina a omwe atenga pangongole, monga aphunzitsi omwe atenga shuga ndi sopo kuti adzalipira pa 27. Malisiti a kooda muziwabaya pa msomali kapena kuwasunga m'jumbo imodzi. Woona za ngongole akadzabwera kudzayendera malo anu, ndipo amabweradi, kope lothimbirira ndi mafuta lomwe manambala ake akugwirizana ndi sitetimenti limamukhutiritsa kuposa pulani ya bizinesi yotayipidwa bwino yomwe wina anakulemberani pa K20,000.

Za ndalama za pafoni ndinenepo pang'ono, chifukwa aliyense amazidziwa. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo kuyambira 2015 pali National Switch yomwe inalumikiza mabanki, kenako ndi makampani a mafoni omwe. Mu 2019 kunabwera malamulo oti bizinesi yokhala ndi chiphaso izikhala ndi njira imodzi yolandirira ndalama popanda kugwira makwacha m'manja. Wa shopu achite bwino kupempha nambala ya wamalonda m'malo molandirira pa nambala yake ya masiku onse, chifukwa imasiyanitsa za geni ndi za kunyumba, ndipo malire a ndalama zomwe ingasunge amakhala okulirapo. Chenjezo lake ndi limodzi. Uthenga woti ndalama zalowa womwe wogula akukuonetsani pa foni yake si umboni, ngakhale womwe wafika pa foni yanu ukhoza kukhala wopeka. Onani balansi yanu nokha katundu asanatuluke. Ndipo palibe wa ku banki kapena wa kampani ya foni amene angakuimbireni kufunsa nambala yanu yachinsinsi. Wofunsa zimenezo ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina lanu lonse ndi mudzi wanu.

Banki iliyonse ili ndi ndandanda wa zomwe imadula: yosungira akaunti pamwezi, potapa pa ATM yake, potapa pa ATM ya banki ina, potapa pa kauntala, potumiza ndalama, posindikiza sitetimenti. Ndandandawu si wachinsinsi, amayenera kuuika poonekera. Upempheni musanasaine, muyerekeze mabanki awiri kapena atatu, muwerengere pa zomwe inu mumachita kawirikawiri. Safunsa anadya phula. Akaunti yokhala ndi buku la macheke imadula zambiri pamwezi, ndipo wa geni amene salipira aliyense ndi cheke alibe nayo ntchito pokhapokha akufuna ovadilafuti, mwayi wotapa kupyola ndalama zomwe zili mu akaunti.

Tsopano chiwongola dzanja. Muzu wake uli ku Banki Yaikulu, yomwe imakhazikitsa mlingo womwe mabanki ena amatsatira. Kumayambiriro kwa 2022 mlingowu unali pa 12 peresenti. Pofika Febuluwale 2024 unali utafika pa 26 peresenti, poyesa kuletsa kukwera mitengo kwa zinthu. Mwezi uliwonse mabanki amalengeza mlingo wawo woyambira, womwe amautcha reference rate, ndipo pamwamba pake banki iliyonse imaonjezapo malinga ndi mmene ikumuonera wobwerekayo. Kampani yaikulu amaionjezera pang'ono, wa geni amamuonjezera zambiri, mwakuti mu 2024 sizinali zachilendo kuti ngongole ya bizinesi yaing'ono ipitirire 30 peresenti pachaka. Ngongole zambiri za ku banki zimayenda ndi mlingo woyambirawu. Ukakwera, zomwe mumabweza pamwezi zimakweranso ngakhale munasaina kale, ndipo ili ndi funso loyenera kufunsa tsiku loyamba.

Apa ndi pomwe dandaulo lija la tsankho lili ndi mutu. Boma limabwereka kwambiri m'mabanki athu omwewa, pa chiwongola dzanja chokwera, ndipo banki imadziwa kuti boma silithawa kupita ku Joni. Ikayerekeza kubwereketsa boma mabiliyoni pa pepala limodzi ndi kuyendera ma okala chikwi ku Ndirande ndi ku Kawale, imasankha chophweka. Mabanki akhala akulengeza phindu lalikulu zaka zomwe mabizinesi ang'onoang'ono akutsekedwa, ndipo ine sindiona kuti zimenezi n'zoyenera kuzizolowera. Koma wa geni sangadikire kuti boma lisiye kubwereka. Chomwe angathe ndi kudziwa kuwerengera yekha mtengo weniweni wa ngongole iliyonse yomwe amuika patsogolo.

Pali njira ziwiri zowerengera chiwongola dzanja, ndipo kusiyana kwake kwagwetsa anthu ambiri. Tiyerekeze kuti mwabwereka K1,200,000 kuti mubweze m'miyezi 12, pa 4 peresenti pamwezi, ndipo mwezi uliwonse mukubweza K100,000 ya ngongole yeniyeniyo. Wobwereketsa wina amawerengera 4 peresentiyo pa K1,200,000 yonse mwezi uliwonse mpaka kumapeto, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. Ndiye kuti K48,000 kuchulukitsa ka 12, yomwe ndi K576,000. Wina amawerengera pa ngongole yomwe yatsala: mwezi woyamba pa K1,200,000, wachiwiri pa K1,100,000, kumatsika choncho mpaka womaliza pa K100,000. Zonse pamodzi zimakwana K312,000. Onse awiri akuuzani kuti "4 peresenti", koma woyambayo wakudyerani K264,000 yoonjezera. Mabanki amagwiritsa ntchito njira yachiwiri, pomwe obwereketsa ena ang'onoang'ono amakonda yoyamba. Pamwamba pa izi pamabwera ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshuwalansi, zomwe nthawi zambiri amadula musanalandire n'komwe, mwakuti mumasainira K1,200,000 koma m'manja mumalowa zochepera. Funso lomwe limadula nkhani yonse ndi ili: ndilandira zingati m'manja, ndipo pomaliza ndidzakhala nditabweza zingati zonse pamodzi? Akulembereni manambala awiriwo papepala.

Ngakhale mutaudziwa mtengowo, simunadziwebe ngati ngongoleyo ikuyenerani. Chimene chimaweruza ndi liwiro lomwe katundu wanu amatembenukira kukhala ndalama. Tengani anthu awiri omwe abwereka K300,000 aliyense pa 4 peresenti pamwezi, kutanthauza K12,000 pamwezi. Woyamba amakapikula usipa ku Mangochi, amaugulitsa wonse pa sabata n'kutsala ndi K45,000 atachotsa thiransipoti ndi chiphaso cha msika. Pamwezi wazungulira kanayi, wapeza K180,000, ndipo K12,000 ija saimva n'komwe. Wachiwiri waoda malata, omwe phindu lake ndi K45,000 yomweyo, koma amatenga miyezi itatu kuti athe. Chiwongola dzanja chamudyera K36,000, watsala ndi K9,000, ndipo nthawi yonseyi amayenera kubweza mwezi ndi mwezi malata ali chiunjikire. Ngongole ndi imodzi, phindu pa katundu ndi limodzi, koma wina yamukweza, wina yamukhomerera. Musanabwereke, dziwani kuti katundu wanu amatha masiku angati pa shelefu. Yankho lake lili mu kope lija.

Chifukwa cha ichi, mtundu wa ngongole uzigwirizana ndi ntchito yake. Ya katundu woyenda msanga ikhale yaifupi, kapena ovadilafuti, yomwe imakulolani kutapa kupyola zomwe muli nazo mpaka malire ena, n'kumalipira chiwongola dzanja pa masiku okhawo omwe mwagwiritsa ntchito. Ya chigayo, firiji kapena galimoto ikhale ya zaka, ndipo kawirikawiri chinthu chomwe mwagulacho chimakhala chikole. Amene wapeza oda kuchokera ku bungwe lodziwika akhoza kupita ndi LPO, chikalata cha oda chomwe bungwelo limapereka, ku banki kuti imuthandize kugula katunduyo, malipiro akadzabwera banki n'kuyamba kutengapo zake. Koma apa muzimudziwa bwino wokugulaniyo. Pali maofesi omwe amalipira patatha miyezi yambiri, ndipo chiwongola dzanja sichidikira kuti cheke chisainidwe.

Nkhani ya chikole ndi yomwe imatsekereza ambiri. Mabanki amakonda nyumba kapena malo okhala ndi chikalata cha umwini, pomwe malo ambiri a Amalawi ndi a makolo, ogawidwa ndi mfumu, opanda pepala lomwe banki ingalandire. Lamulo la 2013 lokhudza chikole cha katundu wosunthika linatsegula khomo lina: makina, galimoto, ziweto, mbewu, ngakhale katundu wa m'shopu akhoza kulembetsedwa ngati chikole m'kaundula wa boma. Si obwereketsa onse amene amalandira mokondwa, koma n'koyenera kufunsa. Pa nyumba yomwe banja limagonamo, maganizo anga ndi akuti isaperekedwe chifukwa cha geni yomwe sinayesedwe, ndipo isaperekedwe mwamseri mkazi kapena mwamuna wanu asakudziwa. Chimodzimodzi kusainira mnzanu ngati mboni ya ngongole. Ambiri amaganiza kuti akungochitira umboni kuti munthuyo amamudziwa, chonsecho akulonjeza kuti iye akalephera, adzabweza ndi iwo.

Dziwaninso kuti mbiri ya ngongole siithera pa banki imodzi. Kuchokera pa lamulo la 2010, m'dziko muno muli mabungwe osunga mbiri ya obwereka, monga Credit Data, ndipo mabanki ndi mabungwe obwereketsa amatumizako mayina ndi mmene anthu akubwezera. Kangongole kakang'ono komwe munakanyalanyaza zaka zapitazo kakhoza kukutsekerani ngongole yaikulu lero ku banki ina. Muli ndi ufulu wopempha kuona zomwe zinalembedwa pa dzina lanu ndi kukonzetsa ngati pali cholakwika, ndipo ndi bwino kutero musanakapemphe ngongole.

Kwa ambiri banki si poyambira, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Banki m'khonde yakweza amayi ochuluka zedi. Chiwongola dzanja chake, chomwe m'magulu ambiri chimakhala 10 kapena 20 peresenti pamwezi, n'chokwera kuposa cha banki, koma chimabwerera kwa mamembala pogawana kumapeto kwa chaka. Zimakoma ngati nonse mukubwereka mofanana. Ngati inu ndinu wobwereka nthawi zonse, ndiye kuti mukulemeretsa anzanu. Gulu likakula, ndalama zisamagone m'bokosi kwa msungichuma. Litsegule akaunti yosainira anthu atatu. Ma SACCO, mabungwe a mamembala osunga ndi kubwereketsana ndalama, omwe ambiri ali pansi pa MUSCCO, bungwe lomwe linayamba mu 1980, ali pakati pa banki ndi banki m'khonde: mumagula masheya, mumasunga, ndipo ngongole imatengera zomwe mwasunga, popanda kufunsidwa chikalata cha nyumba. Mabungwe ngati FINCA, VisionFund ndi CUMO amafika kumidzi komwe mabanki safika ndipo amabwereketsa m'magulu, koma muziwerengera mtengo wake monga tachitira pamwambapa. Katapila yekha ndiye ndilibe naye mawu abwino. Palibe geni yoona yomwe ingapindule theka la mpamba wake mwezi uliwonse kuti ikwanitse kumubwezera.

Pa kusunga, zinthu zasintha kwambiri. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, pomwe akaunti wamba yosungira imapereka chiwongola dzanja chochepa kwambiri poyerekeza ndi pamenepo. Ndalama yongokhala mu akaunti chaka chathunthu imagula zochepa pomwe mukuitapa. Choncho mu akaunti muzikhala ya lendi, ya malipiro a antchito ndi ya pangozi yokwana mwezi umodzi kapena iwiri. Yomwe mukudziwa kuti simuifuna kwa miyezi itatu ipite ku fixed deposit, akaunti yomwe simutapako mpaka nthawi yomwe mwagwirizana itakwana, komwe mukhoza kunenerera chiwongola dzanja, makamaka ikakhala yochulukirapo. Yotsalayo ili bwino ikhale katundu amene saonongeka ndipo mukudziwa kuti amayenda. Poika mitengo, musawerengere pa zomwe munaodera mwezi watha koma pa zomwe mukaodere mawa. Amalonda ambiri okatenga katundu ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg anagulitsa shopu yonse mu Novembala 2023 akuona ngati apindula, n'kupeza kuti ndalamazo sizikudzazanso mashelefu omwewo.

Zikavuta, monga katundu wabedwa, msika wapsa kapena matenda agwa m'nyumba, pitani ku banki tsiku lobweza lisanafike, osati atayamba kukuimbirani. Ngongole yomwe sinalowe m'gulu la zovuta ikhoza kutalikitsidwa kuti zobweza pamwezi zichepe, koma ikadumpha miyezi itatu imalembedwa kuti yaonongeka, chilango chimaunjikana, ndipo nkhani imachoka m'manja mwa yemwe mumadziwana naye kupita kwa maloya ndi ma sherifu. Funsaninso ngati inshuwalansi yomwe anakudulani poyamba ija ikukhudza tsoka lomwe lakugwerani. Ngati vuto lachokera ku banki, monga kudulidwa ndalama zosadziwika kapena kuwerengeredwa molakwika, lembani kalata kwa mkulu wa nthambi, musunge kope lake lodindidwa ndi tsiku lomwe alandira. Akapanda kukuthandizani, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions, udindo womwe uli m'manja mwa Gavanala wa Banki Yaikulu, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, ma SACCO ndi mabungwe onse obwereketsa omwe ali ndi chiphaso.